Chakumwa cha thovu cha Khirisimasi: pomwe ntchito ya sherbet ya chinanazi yafika

Chakumwa cha Khirisimasi chomwe tikukonza n'cha jini, chidede, soda water ndi sherbet ya chinanazi, ndipo gawo lomwe lakhazikika tsopano ndi la sherbet yeniyeniyo. Sherbet ndi madzi a zipatso osakaniza ndi shuga ndi mkaka wochepa, oumitsidwa mufiriza mpaka kufewa kwake kufanane ndi kwa ayisikirimu. Mukaika mpira umodzi wa sherbet m'tambula ya soda water, thovu lonona limakwera pamwamba, chakumwa n'kuzizira popanda kusukuluka ndi madzi oundana. Kuno ku Mulanje Disembala amatipeza zinanazi zitadzaza m'mbali mwa msewu komanso mumsika wa Chitakale, choncho chipatso chosankha chinali chodziwikiratu.

Koma chinanazi chili ndi khalidwe lake. Chachiwisi chimakhala ndi enzyme yotchedwa bromelain, yomwe imaphwanya mapuloteni. Ndi yomweyi imene imayabwitsa lilime mukadya chambiri. Ikakumana ndi mkaka imadula mapuloteni ake, ndipo pakapita maola ochepa chosakanizacho chimayamba kuwawa, kuwawa kwenikweni osati kuwawasa. Kuzizira kwa mufiriza kumangoichedwetsa, sikuipha. Chomwe chimaipha ndi moto. Madzi a chinanazi ayenera kufika powira ndi kukhala pamoto wochepa mphindi 3 asanaone mkaka. Gawoli musalidumphe ngakhale alendo atayandikira pakhomo.

Muyeso wa anthu 12 ndi uwu: madzi a chinanazi osefa mamililita 600 (zinanazi ziwiri zapakatikati zimakwana), shuga magalamu 200, omwe ndi pafupifupi kapu imodzi ya mamililita 250, madzi a mandimu masupuni awiri akuluakulu, mkaka wonona mamililita 200, ndi kamchere kotsina ndi zala. Sendani zinanazi, chotsani maso onse, gayani kapena sinjani mumtondo woyera bwino, kenako finyani pansalu. Shuga athiridwe madziwo ali pamoto kuti asungunukiretu. Poto akhale wa stainless kapena wa enamelo. Mapoto athu a aluminiyamu amadyeka ndi asidi wa chipatso ndipo amasiya kakomedwe ka chitsulo.

Mukaphula, dikirani azizire, thirani mandimu, ikani mufuriji mpaka azizire kwambiri. Mkaka nawo ukhale wozizira. Tsopano thirani madzi a chinanazi mumkaka pang'onopang'ono uku mukutakasa mwamphamvu, osati mkaka m'madzi a chinanazi. Mkaka umaduka ukakumana ndi asidi, ndipo ukakhala wofunda umaduka msanga n'kuchita timibulu ngati chambiko. Zonse zikakhala zozizira timibuluto timakhala tosaoneka, ndiye mukathamangira nazo mufiriza pompo sitipeza mpata wokula.

Makina a ayisikirimu si ofunika. Thirani m'thireyi yosaya, chosakanizacho chisapitirire masentimita 3 kuya kwake. Pakatha mphindi 40 m'mphepete mumakhala mutayamba kuuma. Palani ndi foloko kuchokera m'mphepete kupita pakati, takasani, bwezerani. Bwerezani mphindi 30 zilizonse kwa maola atatu kapena anayi. Kupala kumeneku kumaphwanya timiyala ta ayezi tisanakule komanso kumalowetsa mpweya, ndipo mpweya umenewo ndi womwe udzathandize thovu m'tambula.

Ambiri amafuna kuchepetsa shuga poti chinanazi cha kuno n'chotsekemera kale. Musatero. Shuga mu sherbet sagwira ntchito yotsekemeretsa yokha, amalepheretsanso madzi onse kuuma. Akachepa, mupeza chigumu cholimba chomwe supuni singalowe. Akachuluka kwambiri, sherbet siuma n'komwe, imangokhala phala. Pamuyeso uwu shuga yense, kuphatikizapo wa m'chipatso, amakhala pang'ono kupitirira gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera konse, ndipo pamenepo mpabwino. Mowa nawo umalepheretsa kuuma, choncho jini asalowe m'thireyi. Malo ake ndi m'tambula.

Za magetsi tonse tikudziwa mmene amachitira nyengo ya mvula ino. Pangani sherbet kutatsala tsiku limodzi kapena awiri, isungeni m'kontena yotseka pansi penipeni pa firiza, ndipo muizungulize ndi mabotolo apulasitiki a madzi oundana. Magetsi akathima musamatsegule. Ikasungunuka pang'ono m'mphepete, ipaleninso magetsi akabwera. Ikasungunuka yonse n'kufunda, itayeni, chifukwa muli mkaka.

Mtundu wofiira wa chikondwerero ukuchokera ku chidede. Tengani chidede chouma magalamu 30, muviike m'madzi owira mamililita 600 kwa mphindi 10 pamodzi ndi kachidutswa ka jinja kotswanya, sefani, thirani shuga magalamu 80, ziziritsani. Mupeza pafupifupi theka la lita. Chidede n'chowawasa kwambiri, koma musayese kuchiweta ndi soda wophikira monga timachitira ndi therere. Soda amasandutsa kufiira kuja kukhala mtundu wothimbirira wosasangalatsa m'maso, ndipo kakomedwe kamapita. Chikawawasa mopitirira, onjezani shuga kapena chepetsani muyeso wake m'tambula.

M'tambula ya mamililita 250 muziika motsatana chonchi: jini mamililita 30 (Malawi Gin amagwirizana bwino ndi chinanazi), chidede mamililita 40, soda water mamililita 120, ndipo pomaliza mpira umodzi wa sherbet. Anthu 12 afuna soda lita imodzi ndi theka, ndi jini pafupifupi theka la botolo la mamililita 750. Pendeketsani tambula pothira soda kuti atsike ndi khoma. Siyani malo a zala ziwiri pamwamba, chifukwa sherbet ikangogwera, gasi amapeza pogwira pa timiyala ta ayezi ndi timpweya tija n'kutuluka nthawi imodzi, ndipo mapuloteni a mkaka amagwira thovulo kuti lisaphwe msanga. Mukayamba ndi sherbet n'kuthira soda pamwamba pake, thovu limasefukira patebulo, chotsala m'tambula chimakhala chopanda gasi. Osatakasa. Supuni yaitali ikhale pambali, womwayo aziona yekha.

Soda wofunda ndiye mdani wamkulu. Gasi amakhazikika bwino m'madzi ozizira, ndiye botolo lomwe lakhala pakhonde masana a Disembala limataya gasi wambiri pongolitsegula. Mabotolo agone mufuriji usiku wonse, matambula nawo alowemo kwa theka la ola, ndipo botolo lizitsegulidwa pokhapokha lina likatha.

Kusakaniza zonse m'beseni limodzi lalikulu kumaoneka bwino pa mphindi zoyambirira zokha. Sherbet ikasungunuka, mkaka wake umakumana ndi asidi wa chidede, timibulu toyera n'kuyamba kuyandama, gasi atapita kale. Ndi bwino munthu mmodzi aime patebulo azikonza tambula iliyonse payokha. Izi zimathandizanso pa nkhani ya ana ndi akuluakulu omwe samwa mowa: yawo ndi yomweyo, kungochotsa jini, ndipo palibe kusokoneza. Matambula a mowa akhale a mtundu wosiyana, popeza shuga ndi thovu zimabisa ukali wa jini moti mwana sangazindikire.

Chomwe chikuyesedwa pakali pano ndi kulowetsa tiyi wakuda wa ku Thyolo m'malo mwa chidede, kwa omwe safuna zowawasa. Woviika m'madzi ozizira, magalamu 10 pa lita imodzi kwa maola 8 mufuriji, amatuluka woyera ndipo samanga mkamwa, pomwe wophika amachita mbuu akazizira. Pambuyo pake pabwera sherbet ya mango. Mango alibe vuto la bromelain, choncho safuna kuwiritsa, koma maboloma ali ndi ulusi wambiri wofunika kusefa kawiri, ndipo shuga adzatsika kufika magalamu 160 chifukwa phala la mango n'lokhuthala kale. Amene akuganiza za papaya, limenelo liwiritsidwe monga chinanazi, chifukwa enzyme yake yotchedwa papain imachita zomwezo pa mkaka.