Ku Samode, nyumba ya ma Rawal inasanduka hotela

Alendo ambiri akafika ku Jaipur, mzinda wa m'chigawo cha Rajasthan ku India, amathamangira ku nyumba zachifumu za Amber ndi Hawa Mahal. Ine mtima unali pa Samode, mudzi womwe uli pamtunda wa makilomita pafupifupi 40 kumpoto kwa mzindawu, m'tsinde mwa mapiri a Aravalli. Kumeneko kuli nyumba ya ma Rawal, omwe sanali mafumu odziimira paokha ayi, koma nduna za Maharaja, mfumu yaikulu ya ku Jaipur. Anapatsidwa dera lawo, lotchedwa jagir, n'kumatolera msonkho kwa alimi, iwonso n'kumatumikira Maharaja pankhondo ndi pabwalo. Mmodzi wa iwo, Rawal Berisal, ndiye anasainira Jaipur pangano la 1818 ndi East India Company, kampani ya Angelezi yomwe inkalamulira madera ambiri a India.

Mu Durbar Hall, bwalo lalikulu la m'nyumbamo, ndinangoti kukamwa yasa. Kuyambira pansi mpaka kudenga ndi maluwa ojambula pamanja okhaokha, moti sungapeze poika chikhatho popanda utoto. Chapamwamba pali timazenera pomwe amayi a m'banjamo ankasuzumira zochitika pansi, iwo osaoneka. Ndinakwera n'kukasuzumira nawo. Khosi limawawa, ndipo bwalolo umangoliona mbali imodzi. M'chipinda china chotchedwa Sheesh Mahal, timagalasi tomatidwa m'makoma timakuonetsa nkhope yako ili zidutswazidutswa.

Nanga zinatani kuti mlendo wamba ngati ine ndizipondamo? India atalandira ufulu mu 1947, boma la Rajasthan linakhazikitsa lamulo la 1952 lolanda ma jagir. Msonkho unauma, koma denga silinasiye kufuna wolikonza. Ngakhale Maharaja weniweniyo anasandutsa nyumba yake ya Rambagh Palace kukhala hotela mu 1957, ndipo mu 1971 boma la Indira Gandhi linathetsa ndalama zomwe mafumu akale ankalandira chaka ndi chaka. A ku Samode anatsegulira alendo mu 1987.

Ena amati n'kunyazitsa makolo kuti pomwe pankaweruzidwa milandu lero pazidyedwa phwando laukwati. Ine sindikuona choncho, chifukwa nyumba zotere zikasowa ndalama zimagwa, mileme n'kulowamo. Chomwe chinandikhala pamtima n'china. Madzulo ndinatsikira m'mudzi n'kuima pakhomo pa bambo wina amene ankawotcha lac, utomoni wochokera ku tizilombo tina, pamakala, akuumba zibangili. Nyumba ya ma Rawal ija inkaonekera pamwamba pa madenga onse. Kale inkadya za alimi a pansipa, lero ikudya za ife alendo, koma mtengo wa chipinda usiku umodzi si woti bambo uja angaulote.