Usipa wa Apongozi m'Kabati ya Boiler

Kuno ku Leeds, ku England, lamulo limati mwini nyumba ya lendi azitumiza katswiri wa gasi chaka chilichonse kudzayendera boiler, chimakina chija chimatenthetsa madzi ndi nyumba yonse. Katswiriyo ayenera kukhala wa m'kaundula wa Gas Safe, ndipo amayenda ndi kakhadi kokhala ndi chithunzi chake.

Wathu anabwera m'mwezi wa Novembala, apongozi anga atangofika kumene kuchokera ku Nkhotakota. Mzungu wamtali, waulemu, nsapato anavulira pakhomo. Atangotsegula kabati ya boiler anabwerera chambuyo, dzanja lili pamphuno.

Anatulutsa kamakina konunkhiza gasi n'kukayendetsa pa paipi iliyonse. Kanali ziii. Anayang'ana geji yoyeza mphamvu ya madzi, inali pakati pa 1 ndi 1.5 bar, monga zimafunikira. Analowetsa kachitsulo mu flue, paipi yotulutsira utsi, kuyeza carbon monoxide, mpweya wakupha uja wosanunkha. Zonse bwinobwino. Koma fungo ndiye linali litafika mpaka pabalaza.

Anandifunsa monong'ona ngati tinaonapo khoswe m'nyumba muno, akuti mwina wafera kuseri. Ine thukuta kamukamu m'nyengo yozizira, ndikuwerengera kale ndalama zomwe landilodi adzandidule.

Munthu uja anagwada, anavala magolovesi, anapisa dzanja kuseri kwa paipi ya madzi otentha n'kusolola phukusi la chitenje. Anamasula mfundo mosamala kwambiri. Usipa! Timaso tonse tikumuyang'ana.

Apongozi anatulukira kukhitchini chipande chili m'manja. "Bambo a Chikondi, muwauze aleke kundigwirira ndiwo. Dziko lanuli dzuwa kulibe, ndiye ndikaanike kuti? Unayamba kuchita nkhungu."

Katswiriyo anafotokoza mofatsa kuti pafupi ndi boiler pasamakhale katundu, pamafunika mpata. Tsono mkamwini angawauze bwanji apongozi kuti alakwitsa? Ndinawerama pang'ono n'kumasulira: "Amayi, akuti nsomba zokoma chonchi sanazionepo."

Nkhope ya apongozi inawala. Anatapa usipa manja awiri, anauika m'jumbo n'kumupatsa atagwada. Mzungu anayang'ana ine, ine ndinayang'ana kudenga. Analandira, anasaina satifiketi, anatuluka jumbo atalinyamula ndi zala ziwiri kutali ndi thupi.

Usiku womwewo ndinapeza usipa wotsala uli pa radiator, chitsulo chotenthetsera kuchipinda kwathu, atauyala pa shati yanga yopita nayo ku ntchito.