Loweruka: kukaba mabatire pa mwezi, patebulo la pakhonde

Ndinawalonjeza anyamata kuti mawa tikaweruka kutchalitchi tidzasewera nkhondo yatsopano, ndiye lero tsiku lonse lathera pamenepo. Kunjaku anthu amagula tizidole ta pulasitiki, monga ta Warhammer 40,000 timene kampani ya Games Workshop ya ku Nottingham inayamba kutulutsa mu 1987. Ife a ku Area 25 asilikali athu ndi zitsekerero za mabotolo: za Fanta ndi achiwembu, za Coca-Cola ndi alonda. Madayisi ndi a ludo, tepi yoyezera ndi ya telala.

Nkhani yake ndi iyi: anthu 6 atera usiku pa mwezi wina wakutali, akufuna kuba mabatire a zombo m'nkhokwe zitatu za adani. Nkhokwezo ndatengera za chimanga za ku Kanengo zija, zimene umaziona ukamapita ku Lumbadzi. Ndinavundikira zitini zitatu za mkaka waufa, mpanda n'kudula pa katoni. Bwalo lonse ndi mainchesi 30 m'litali ndi 22 m'lifupi, muyezo wa Kill Team, masewera a Warhammer 40,000 a asilikali ochepa, chifukwa tebulo lathu limathera pomwepo.

Cha m'ma 10 koloko anafika alamu anga kudzandithandiza kuyesa. Iwo anatenga achiwembu, ine alonda anayi. Ayi ndithu, zinali zamanyazi. Anangoima kuseri kwa mpanda n'kumawombera, pofika raundi yachitatu alonda onse ali gada, kenako anatola mabatire mosatekeseka. Akuseka, akuti, “Alamu, uku si kuba ayi, uku n'kukolola.”

Ananena zoona. Ndinali nditapanga nkhondo wamba n'kungoitcha chiwembu. Wakuba nkhuku usiku safuna ndewu ndi mwini khola, chimene amaopa ndi galu kuuwa. Galu ameneyo ndi amene anasowa m'malamulo anga.

Titadya chinangwa ndi tiyi ndinalemba zina. Kupha mlonda sikupatsanso mapointi, owerengedwa ndi mabatire otuluka pabwalo basi. Mfuti ikalira, mwini alonda aponye dayisi, ikagwa 5 kapena 6 belu lalira. Ukawombera kamodzi, mwayi woti lilire ndi umodzi mwa itatu, koma ukawombera katatu ukwera kufika 19 mwa 27, ndiye kuti pafupifupi kasanu ndi kawiri pa maulendo khumi wagwidwa. Mpeni suliza belu, koma uyenera kumuyandikira mlondayo mpaka inchi imodzi. Belu likangolira, alonda awiri atsopano azilowa pageti raundi iliyonse, osaleka. Wonyamula batire sangawombere, ndipo aziyenda mainchesi 4 m'malo mwa 6. Maraundi ndi 6, kenako chombo chinyamuka, wotsala watsala.

Masewera achiwiri anakoma kwambiri. Alamu, aja okonda mfuti aja, anayamba kunong'ona ngati zitsekererozo zimamva. Koma pamapeto anandiyang'ana moipa, ndipo nditatenga pensulo ndinaona kuti wolakwa ndine. Nkhokwe zinali mainchesi 18 kuchokera polowera. Kupita maraundi atatu, kubwerera ndi katundu asanu, pamodzi 8, ndipo kutsegula chitseko sitinawerengere. Munthu anapirira ola lathunthu m'masewera osatheka kupambana! Ndinapepesa ndi mtedza wokazinga.

Tsopano nkhokwe ziwiri ndazisendeza kufika mainchesi 10: kupita maraundi awiri, kutsegula imodzi, kubwerera atatu, ndendende 6, ukangozengereza pang'ono wasiyidwa. Batire la mmenemo ndi pointi imodzi. Yachitatu ndaisiya pa 18 pomwepo ndipo ndi ya mapointi atatu, koma njira yake yothawira ndi ngalande yotulukira m'mbali, mainchesi 8, yodutsa pafupi penipeni ndi geti lolowera alonda. Ndikudziwa kale mnyamata amene akathamangire kumeneko mawa, dyera lake n'lodziwika ngakhale pa bawo.

Chimene chikundivutabe ndi mwini alonda. Belu lisanalire amangokhala manja lende, kudikira kuti mnzake alakwitse. Alamu akuti timupatse galu wachitsulo mmodzi woti aziyendetsa yekha, alonda enawo aziyenda monga dayisi yanenera. Ine ndikuopa kuti galuyo azingolunjika pamene pali achiwembu, popeza woseweraye akuwaona ndi maso. Mwina tiike zitsekerero zina zabodza, zonse chadodolido, zoti zitembenuzidwe galu akafika pafupi kuti tione ngati pansi pake palembedwa nambala ya msilikali.

Timati tiyese kachitatu, koma magetsi anathima cha m'ma 6 ndipo mayi a kunyumba anabwera kudzatenga tebulo kuti aikepo nsima. Anatenganso nkhokwe ya mapointi atatu ija, akuti ndi chitini chawo cha shuga.