Zikomo nonse amene munatithandiza kudzutsa D4 yathu

Thirakitala ya matcheni ija, Caterpillar D4 ya mtundu wa 7U, yayambanso ntchito. Yakwanitsa maola 50 ikukankha dothi pa damu, ndipo muvi wa geji ya oyilo sukugwanso injini ikatentha. Ife a pa galaja la famu tati tikuthokozeni poyera, komanso tilembe zimene zachitika pa fyuluta ya oyilo, poti ma 7U anapangidwa kuyambira 1947 mpaka 1959 ndipo aliyense amene akadali nayo tsiku lina adzakumana nazo zomwezi.

Oyamba kuwathokoza ndi agogo athu, makaniko amene anapuma ntchito pa esiteti ya tiyi ku Thyolo. Ife tinali titaweruza kale kuti pampu ya oyilo yatha. Iwo anatiletsa kuimasula, natiuza kuti tiyambe tamanga geji ina yodalirika, kenako titsegule sampu, beseni la pansi pa injini m'mene mumakhala oyilo. Kasefa kawaya kamene pampu imakokerapo oyilo tinakapeza katamatidwa ndi zinyalala zakuda zonga phala la dzulo, zofika zala ziwiri kukhuthala. Pampu inali yabwinobwino, inkangosowa chokoka. Agogo, mwatipulumutsira ndalama zambiri, Mulungu akusungeni.

Anyamata awiri amene munagona pansi pa thirakitala tsiku lonse, kupala sampu ndi kuitsuka ndi dizilo, zikomo achimwene. Munamvera pamene tinati musapukute ndi thonje kapena sanza zothothoka ulusi, chifukwa ulusiwo umakatsekanso kasefa komweko.

Vuto lalikulu linali mu chitini cha fyuluta. Chinali ndi mng'alu m'munsi, pafupi ndi pamene pamamangira bawuti ya pakati, ndipo m'kati munali fyuluta yaifupi, ya makina ena. Oyilo amatsata njira yosavuta: m'malo molowa m'pepala, ankangodutsa pamwamba. Apa mpofunika kusiyanitsa mavalavu awiri amene ambiri amawasokoneza. Ina ndi yochepetsa mphamvu ya oyilo, imene imatseguka mphamvuyo ikakwera kwambiri, monga m'mawa oyilo akadali wozizira. Ikalephera kutseka bwino, geji imagwa ndipo mumaona. Inayo ndi ya bypass, yolambalalitsa oyilo fyuluta ikatsekeka kuti mabering'i asakhale ouma. Iyi ikakakamira chitsegukire, geji imaonetsa bwinobwino pamene mchenga ukupita ku kirankishafuti. Ya bypass yathu sipuling'i yake inali itathyoka pakati. Geji imangokuuzani kuti oyilo akuyenda, siikuuzani kuti akusefedwa, ndipo injini zambiri zakale zafera pamenepa mwini wake ali wokhutira.

Bambo a makina osemera zitsulo a lathe ku Limbe, ntchito yanu ndi imene yasintha zonse. Chitini chong'alukacho tinasankha kusachiwotcherera, chifukwa kutentha kukanapindika pakamwa pake ndipo gasiketi sikanagwiranso. Munatisemera mbale yachitsulo ya mamilimita 20 kukhuthala, yosalala bwino, yokhala pamene panali chitini chakale, ndi mabowo awiri, lotulutsa oyilo ndi lobweza. Kuchokera pamenepo mapaipi awiri a haidiroliki, a bowo la mamilimita 19, akupita ku mutu wa fyuluta yamakono yongopota ndi dzanja. Tikuthokoza kuti munakana kuchepetsa mabowowo kuti agwirizane ndi tizitsulo tolumikizira timene tinali nato. Bowo lisachepe kuposa njira ya oyilo ya mu injini, apo ayi mwaimana injini oyilo ndi manja anu omwe.

Amene mukufuna kuchita chimodzimodzi, samalani pogula fyuluta. Pali ina ya bypass imene imasefa kagawo kochepa chabe ka oyilo. Ili ndi kabowo kakang'ono ngati koboola ndi singano yosokera matumba, ndipo mukaiika pa njira imene oyilo yense amadutsa, mabering'i apsa pa mphindi zochepa. Yofunika pano ndi ya full flow, yosefa oyilo yense, ya injini ya dizilo, yaikulu mokwanira injini ya D315 ya masilinda anayi imene ili mu D4 imeneyi. Ngati mutu wa fyuluta ulibe valavu ya bypass, ndiye fyuluta yeniyeniyo ikhale nayo m'kati. Mufunse, ndipo muone m'buku la wogulitsa, musangoyang'ana kuti mazinga akulowa.

Chinanso ndi kumene oyilo akulowera. Amalowa pa timabowo ta m'mbali, kudutsa m'pepala, n'kutulukira pa bowo la pakati. Mukasemphanitsa mapaipi, kamphira koletsa oyilo kubwerera kamatseka njira yonse. Ife tinatsimikiza bowo lotulutsa pozunguza injini pang'ono mapaipi asanamangidwe, n'kulemba ndi penti pa mbale. Mapaipi akhale ofinyidwa pa makina, osati omanga ndi tizingwe ta paipi ya madzi, ndipo adutse kutali ndi ekizozi komanso kumene nthambi sizingawakole. Fyuluta tinailendewetsa pakamwa pataloza kumwamba kuti izikhala yodzaza.

Mayi a sitolo ya zipangizo amene munatipezera pepala la gasiketi ndi mawashala a kopa, zikomo kwambiri. Gasiketi tinadula tokha pogogoda ndi kahamala kozungulira m'mphepete mwa mbale. Silikoni sitinapake: wofinyikira m'kati amaduka n'kukatseka tinjira ta oyilo.

Kuliza koyamba, D4 ili ndi mwayi umene makina atsopano alibe. Kainjini kake ka petulo koyambitsira kamatha kuzunguza injini yaikulu nthawi yaitali isanalire. Tinathira oyilo mu fyuluta kudzera pa timabowo ta m'mbali, tinapaka pang'ono pa mphira wake, n'kuipota ndi dzanja mpaka mphira utakhudza, kenako magawo atatu mwa anayi a kuzungulira kumodzi, popanda sipanala. Chogwirira cha kompuresheni chili pa START, dizilo ali wotseka, tinazunguza mpaka muvi utakwera ndi kukhazikika. Titaona kuti palibe podontha, m'pamene tinaika pa RUN ndi kutsegula dizilo. Titazimitsa tinayezanso oyilo, poti mapaipi ndi fyuluta zimamwa wina.

Tathira oyilo wa 15W-40 wa injini za dizilo. Oyilo wamakono amasungunula litsiro lakale lomatirira m'makoma a injini, choncho fyuluta yoyamba tinaichotsa pa maola 10 okha. Tinaitsegula ndi chizulo, osati sowo, kuti tizitsulo ta sowo tisatinamize, n'kutambasula pepala padzuwa. Munali mwaye wambiri ndi timchenga. Tinadutsitsapo maginito: zomata maginito ndi chitsulo, zonyezimira zosamata nthawi zambiri ndi za mabering'i. Ya pa maola 50 yatuluka yoyera kwambiri kuposa yoyambayo, ndipo zonyezimira mulibe.

Abale amene munatijambulira masamba a buku la zipangizo pa foni, ena muli kutali ku Johannesburg, popanda zithunzi zanu sitikanadziwa malo a valavu iliyonse. Chitini chakale tachitsuka n'kuchisunga, ndipo chojambula cha mbale ija, ndi miyeso yake yonse, chapachikidwa pa khoma la galaja. Amene ali ndi D4 ya mtundu wa 7U kapena 6U abwere adzakopere, koma ayambe wayeza mabowo a injini yake asanapite kwa a lathe.