Google, azakhali anga ndi ine

Azakhali anga ali ndi kaloji kawo kuno ku Mzuzu cha ku Katoto, zipinda 8 basi koma zaukhondo, madzi otentha aliponso, pajatu kuno mwezi wa June mlendo ukamusambitsa madzi ozizira sadzabweranso mpaka kalekale. Chaka chatha anandiitana nkuti, "Iwe amene umangokhalira kompyuta iwe, undipangire webusayiti, anzanga akuti alendo masiku ano akumachokera pa intaneti." Ndinapanga pa WordPress, zithunzi, mitengo, batani la WhatsApp, zonse bwinobwino. Patatha masabata atatu foni usiku. "Ndalemba lodge in Mzuzu pa Google, ife kulibeko. Ndalama zanga zija wadya eti?"

Ndinayesa kufotokoza kuti azakhali zinthu izi zimatenga nthawi koma anangoti hmm nkudula.

Nanunso tayesani kulemba mawu amenewo muone. Pamwamba pamakhala mapu, kenako Booking.com, TripAdvisor ndi anzawo, masaiti a zaka zambirimbiri, masamba osawerengeka, ma link ochokera dziko lonse lapansi. Ndiye ine ndi kawebusayiti kanga ka masabata atatu ndimafuna ndiwadutse amenewo kkkk. Mawu ngati amenewa, oti aliyense akuwalimbirana, ndi amene amati competitive keywords, ndipo poyamba sindinkadziwa kuti sumawalowera kutsogolo.

Choyamba chomwe ndinachita chinali chauchitsiru, ndivomere. Ndinadzaza "lodge in Mzuzu" paliponse, mu mutu, pansi pa zithunzi, chiganizo chilichonse, mpaka ukamawerenga zimamveka ngati kondakitala akuitanira anthu ku depoti. Palibe chinasuntha. Kenako mu gulu lina la pa Facebook munatulukira mkulu wina akuti amagulitsa ma backlink, ma link a pa masaiti ena olozera ku saiti yako, mazanamazana pa mtengo wozizira, tsamba loyamba la Google pa sabata ziwiri. Ndinatumiza ndalama zanga, osati za azakhali, ndipo mpaka lero sakudziwa. Ma link anabweradi, koma kuchokera ku masaiti a juga ndi ena a zilankhulo zoti sindikuzidziwa nkomwe. Ndinadzawerenga mochedwa kuti Google inayamba kuthana ndi masewera amenewa kalekale, 2012 ndi update ija amaitcha Penguin, ndipo masiku ano ma link otere nthawi zambiri imangowanyalanyaza, ukachita mwatsoka nkukulanga. Mkulu uja nditamufunsa anandibuloka.

Zinthu zinayamba kusintha nditatsegula Google Search Console. Ndi yaulere, umangotsimikiza kuti saiti ndi yako, nkupereka sitemap, mndandanda wa masamba a saiti yako, kenako imakuonetsa mawu enieni amene anthu analemba saiti yako isanaoneke, ngakhale inaoneka kutali uko pa nambala 60 komwe sikufika munthu. Ndinaona zinthu zoti sindinaziganizepo. Wina "lodge near Mzuzu University", wina akufunsa pogona asanapite ku Nyika, wina akufuna malo oti galimoto igone mu mpanda. Anthu ochepa inde, koma mukaganiza bwino munthu wolemba chonchi wanyamula kale chikwama, pomwe wolemba "lodge in Mzuzu" mwina akungoyang'ana zithunzi ali pa ofesi. Ndiponso Booking.com ilibe nthawi yoyankha mafunso ang'onoang'ono amenewa, iwo tsamba lawo ndi mndandanda wa zipinda ndi mitengo basi.

Koma katswiri weniweni wa ma keyword, mawu amene anthu amalemba posaka, ndinamupeza pa geti. Alonda a pa loji paja, bambo achikulire a ku Rumphi, ndi amene alendo amawafunsa chilichonse m'mawa akamatuluka. Ndinawagulira tiyi nkukhala nawo, "Bambo, kodi alendowa amakufunsani chani kwenikweni?" Eee anandiyalira. Azungu amafunsa msewu wa ku Nyika, kuti kudzera ku Rumphi mpaka ku Chelinda galimoto yaing'ono ingafike kapena ayi, makamaka nthawi ya mvula. Ena amafunsa minibasi za ku Nkhata Bay zimakwerera pati, ulendo wake wa makilomita pafupifupi 50 uja. Ena Livingstonia, kuti msewu wa Gorodi wochokera pa Chitimba ndi wokhotakhota zoona ngati mmene anamvera. Amayi a geni opita ku boda ya Songwe amafunsa basi ya m'mamawa ya ku Karonga ndi poti asunge katundu pobwerera. Ndipo nthawi ya graduation ku Mzuni makolo amangofika ndi banja lonse zipinda kulibe tauni yonse.

Funso lililonse ndinalipangira tsamba lakelake. Osati tizindime tiwiri tonamizira ayi, koma kuyankha ngati ukuuza m'bale wako, nyamukani nthawi yakuti, mafuta thirani muno mu tauni, juzi musaiwale chifukwa ku Nyika kumazizira kuposa kuno. Mutu wa tsamba, uja umaoneka wa buluu pa Google, ndinkaulemba waufupi kuti usadukire pakati, mawu ofunika koyambirira. Ndipo tsamba lililonse limalozera ku tsamba la zipinda, komanso masambawo amalozerana okhaokha, kuti Google ikamayenda mu saitimo iziona kuti zonsezi ndi nkhani imodzi, kugona ku Mzuzu.

Chimodzi chimandiwawa pang'ono, zonsezi ndinalemba mu Chingerezi. Amalawife timacheza Chichewa, kuno ambiri Chitumbuka, koma tikangofika pa Google timasanduka azungu, mu Search Console yanga ija sindinaonemo olemba "malo ogona ku Mzuzu". Ndinaikabe tsamba limodzi la Chichewa mwa makani chabe.

Za liwiro la saiti ndisataye nthawi. Zithunzi ndinaziika mmene zinachokera mu foni, chimodzi ma MB 5, munthu wa kabandulo ka tsiku limodzi ka Airtel kapena TNM angadikire zimenezo? PageSpeed Insights, chida cha Google choyezera liwiro la saiti, inandipatsa zofiira zokhazokha. Zithunzizo ndinazichepetsa nkuzisintha kukhala WebP, mtundu wa zithunzi wopepuka, nkuchotsa ma plugin osafunika, timapulogalamu towonjezera ta WordPress, basi. Google imayang'ana kaye mmene saiti ikuonekera pa foni, osati pa laputopu yako.

Mapu aja ndiye nkhani ina, ndipo ndikanayambira pamenepo. Malo atatu aja amaoneka pamwamba ndi mapu sachokera ku webusayiti kwenikweni, amachokera ku Google Business Profile, yomwe kale inkatchedwa Google My Business. Yathu inalipo kale, wina anaiika sitikudziwa ndani, koma pini inali pa nyumba ya eni ake mseu wina, nambala yake yakale yoti inatayika ndi foni. Ndinavutika kuti Google ivomere kuti malowa ndi athu, pajatu kuno adiresi yathu ndi "mukadutsa chigayo mukhote kumanzere", mpaka ndinachita kujambula vidiyo kuonetsa chikwangwani, geti ndi risepishoni. Zitatheka ndinakonza pini, maola, zithunzi, ndikuonetsetsa kuti dzina ndi nambala zikufanana paliponse, pa saiti, pa Facebook, pa mapu.

Nditawauza azakhali kuti ma review amathandiza anasangalala, "Aaa zimenezo nzosavuta, Lachinayi ndikauza amayi a Umanyano onse alembe." Ndinachita kuwagwira mwendo. Azakhali, anthu 30 amene sanagonepo pano onse alembe tsiku limodzi kuti malo abwino Mulungu adalitse, Google si mwana, ikhoza kuzichotsa zonse nkutiikanso pa diso. Tinangosindikiza ka QR code nkumata pa risepishoni, mlendo akamabweza kiyi mtsikana wa pamenepo amapempha mwaulemu. Amalemba mmodzimmodzi. Wina analemba kuti tambala wa aneba amalira 3 koloko, ndinamuyankha mwaulemu kuti pepani, tambalayo ndiye sitingamuuze.

Link yabwino yoyamba inabwera yokha. Mtsikana wina wa ku Germany woyenda ndi chikwama kumsana anagona masiku awiri, nkukalemba za ulendo wake wa ku Nyika ndipo analozera tsamba langa lija la msewu. Kuchokera pamenepo ndinayamba kupempha, ma guide amene amatibweretsera alendo, anthu amene anachitira workshop pa loji, kuti akamatitchula aziika link. Sizambiri, zala za dzanja limodzi zikwana.

Pano papita miyezi ngati 9. Pa mafunso ang'onoang'ono aja tili tsamba loyamba, ena pamwamba penipeni. Pa "lodge in Mzuzu" tachoka kutali kuja tafika tsamba lachiwiri, tsiku lina timakwera tsiku lina timatsika, ndipo Booking.com sitinaigwedeze ngakhale pang'ono. Pa mapu timaoneka kutengera munthu waima pati, ali ku Katoto amationa, ali ku Luwinga mwina ayi, zomwe azakhali sakuzimvetsabe mpaka pano, amaona ngati Google ili ndi tsankho.

Dzulo foni usiku kachiwiri, mtima unagunda. "Iwe, pali azibambo awiri a ku Lilongwe akuti atipeza pa intaneti, akufunsa ngati msewu wa ku Vwaza uli bwino. Tsamba la Vwaza unalemba?" Sindinalembe. Ndiye mawa m'mawa ndikagula tiyi ndi mandasi, ndikakhale pa geti ndi alonda aja.