Kaundula ali kwina, nyumba zili pomwepo

Lachitatu usiku ndinaseka ndekha m'chipinda ngati wozungulira mutu, nditazindikira kuti git, pulogalamu yosunga mbiri ya kusintha kwa mafayilo, ikanandithetsera vuto langa kalekale. Miyezi itatu yathunthu ndakhala ndikunyamula .bashrc ndi .vimrc, mafayilo osunga ma setting anga a terminal ndi a pulogalamu yolembera ya Vim, pa fulashi, kuchoka pa laputopu yanga kuno ku Kapata kupita nazo pa kompyuta ya ku labu. Alias (dzina lalifupi loimira lamulo lalitali) yomwe ndalemba Lolemba, ndikafika ku labu Lachisanu kulibe, yatsala kunyumba.

Za commit ndi push, kusunga zosintha mu git n'kuzitumiza pa seva, sindichita kukuuzani. Chomwe chinkandimanga n'chakuti ndinkaganiza kuti foda ya .git, momwe git imasunga mbiri, ndi mafayilo ake sizisiyana, ngati mphika ndi chivundikiro. Nditayesa git init mu home, foda yaikulu yokhala ndi zinthu zanga zonse, git status inandikhuthulira zonse, mpaka zithunzi za ku Nc'wala. Ndinafufuta foda ya .git ija msanga.

Kani git imalola kuzilekanitsa! Umapanga git init --bare ~/.dotfiles, yomwe ndi foda ya mbiri yokha, kenako alias imodzi: --git-dir (kokhala mbiri) iloze kumeneko, --work-tree (kokhala mafayilo) iloze ku $HOME, home ija. Basi. Ndinakumbukira kaundula wa mudzi kwathu ku Katete. Bukulo limakhala kwa a mfumu, koma palibe amene amasamutsa nyumba yake kuti alembedwe. Mbiri ili kwina, mafayilo ali pamalo pawo. Ukaikanso status.showUntrackedFiles kukhala no, git status imaonetsa okhawo amene wawalembetsa, enawo siiwatchula n'komwe.

Anzanga ena amakonda pulogalamu ya GNU Stow ndi ma symlink ake, timafayilo tongoloza komwe kuli fayilo yeniyeni. Ine ndikuti kumeneko n'kudzivutitsa. Njira ya git yokhayi siifuna kuikanso pulogalamu ina, ndipo sindikuona chomwe chingaipose.

Chondiwawa n'chakuti Linus Torvalds analemba git mu 2005, koma aphunzitsi athu anaithera ola limodzi, theka lake tikudikira magetsi. Anatilembera malamulo asanu pa bolodi kuti tiloweze. Za work-tree sanatchuleko. Mabandulo amene ndinawotcha pofufuza ndekha akanandigulira ndiwo sabata yonse.

Sikuti zonse zayera. Ku labu checkout yoyamba, yotulutsa mafayilo mu mbiri n'kuwaika pamalo pawo, inakana chifukwa .bashrc ina inalipo kale, ndinachita kuisuntha pamanja. Foda ya .ssh, yosunga makiyi achinsinsi, ndiye sindiiyandikitsa n'komwe. Koma makompyuta awiriwa safanana, zina zoyenda pa laputopu kumeneko zimakana. Kaya ndipange branch (nthambi yakeyake ya mbiri) ya makina aliwonse, kaya ndingodzaza ma if mu .bashrc oti aziyamba aona makina amene ndili? Branch ndikuopa kuti ndidzaiwala merge, kuphatikizanso nthambizo, n'kubwereranso ku mavuto a fulashi aja. Ndiyesa kaye ma if sabata ino, kaya.