Nyumba ya malemu bambo ku Mpondasi

Achimwene anandiimbira Lachiwiri kuti kwabwera munthu wa ku Lilongwe, akufuna kugula nyumba yathu ya ku Mpondasi. Watchula K28 miliyoni. Ndinangoti kukamwa yasa, osayankha.

Nyumbayo si yodabwitsa ayi: zipinda zogona zitatu, khonde lalikulu, malata amene bambo anakhoma okha, mpanda wa njerwa womwe mbali imodzi unapendekeka ndi mvula. Madzi ndi magetsi zilipo. Koma wogulayo sanalowe n'komwe kukhitchini. Ankangofunsa kuti kumsewu wopita ku Monkey Bay ndi mphindi zingati, komanso ngati Shire akadzaza madzi amafika pabwalo. Safika, tili pokwererako.

Achimwene akuti tigulitse. Ine ndawauza kuti chigwereni kwacha mu 2023, simenti inakwera moti ndalama imeneyo singamange ina yotero, ngakhale utaumba wekha njerwa.

Nanga mtengo wa mango uja wa kuseri? Kuno kukatentha mu Okutobala tonse timathawira pamenepo, mayi akupala chambo chogula kwa mnyamata wa panjinga. Munthu uja anati adzaudula kuti pakhale poimika galimoto.

Mayi sitinawauzebe. Achimwene akuti ndikawauze ndine.